Kodi liwu la Chingerezi loti “finish” limangotanthauza kumaliza basi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, ndipo kunyumba ndimaweta nkhuku zanyama. Ana ndimawaphunzitsa kuti “finish” ndi kumaliza, koma pathumba la chakudya cha nkhuku pamalembedwa “finisher”, pachitini cha penti ndinaona “gloss finish”, ndipo oulutsa mpira pawailesi amati wosewera wakutiwakuti ali ndi “good finishing”. Komanso mnzanga wina anandidzudzula nditanena kuti “the sugar is finished”. Kodi liwuli lili ndi matanthauzo angati, nanga limasiyana bwanji ndi “end” ndi “complete”?

Yankho: Aphunzitsi, zimene mumauza ana anuzo n'zoona ndithu, ndipo musazisiye, chifukwa kumaliza ndilo tanthauzo limene mwana wa Sitandade 7 azikumana nalo kawirikawiri m'mabuku ndi pamayeso. Koma maso anu sanakunamizeni: pathumba la chakudya cha nkhuku, pachitini cha penti ndi pakamwa pa woulutsa mpira, liwuli likugwira ntchito zina zimene kumaliza kwathu sikuzifikira. Sindikupatsani chiwerengero cha matanthauzo ake, popeza madikishonale amawagawa mosiyanasiyana, ena powaphatikiza, ena powaphwanya ting'onoting'ono, ndipo kuloweza chiwerengero sikungathandize mwana. Chothandiza n'kuona chingwe chimene chamanga matanthauzo onsewa pamodzi, ndipo chingwecho ndi ganizo la malire: chinthu chayenda mpaka chafika pamene chinayenera kufika, kapena pamene sichingapitirirenso. Choncho pomva liwuli muzidzifunsa kuti, chimene chafika pamalirecho n'chiyani? Ndi ntchito, nthawi, chakudya, mpikisano, khoma la nyumba, kapena munthu?

Ganizo la malireli silongopeka ayi, lili m'mbiri ya liwulo. M'Chilatini, chinenero cha Aroma akale, munali dzina loti “finis”, lotanthauza malire a munda kapena a dziko, komanso mapeto a chinthu, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa mneni woti “finire”, kuika malire kapena kufikitsa kumapeto. Chifalansa, chomwe ndi chimodzi mwa zinenero zobadwa ku Chilatini, chinalandira mneniyu, ndipo mpaka lero Afalansa amati “finir”. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba yachifumu, cha m'mabwalo a milandu ndi cha anthu olemera, kotero kuti mawu ake miyandamiyanda analowerera m'Chingerezi. Liwu lathuli linayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi m'zaka za m'ma 1300. Kachidutswa ka kumapeto koti “ish” nakonso kali ndi mbiri yake: Mfalansa akafuna kunena kuti tikumaliza amati “nous finissons”, ndipo “iss” wapakatiyo ndiye anasanduka “ish” pakamwa pa Angerezi. N'chifukwa chake aneni monga “punish”, “polish”, “nourish”, “abolish” ndi “establish” amathera mofanana, onsewa anadzera njira imodzi. Koma “end” si mlendo, ndi mwini mudzi: Angerezi anali nalo kale Afalansa asanafike, ndipo Ajeremani, amene chinenero chawo ndi chachibale ndi Chingerezi, amati “Ende” mpaka lero. Mlendo atafika sanathamangitse mwini mudzi, koma awiriwa anagawana ntchito, ndipo kugawanako ndiko kumene kukuvutitsa ana athu lero.

Abale ena a liwuli mumawadziwa kale, ngakhale mwina simunawaganizirepo kuti ndi a mimba imodzi. “Final”, amene okonda mpira amati fayinolo, ndi ndime yotsiriza. “Infinite” ndi chopanda malire, “confine” ndi kutsekera chinthu m'malire, ndipo “define” ndi kuikira liwu malire a tanthauzo lake. Wodabwitsa kwambiri ndi “fine”, chindapusa chija ambiri timangoti faindi. M'malamulo akale a ku England mkangano unkatha mbali ziwiri zikagwirizana ndipo ndalama ikaperekedwa, choncho ndalamayo inatenga dzina la mapeto a mlanduwo. Ife sitingadabwe nazo zimenezi, chifukwa pabwalo la amfumu nkhuku kapena mbuzi ikaperekedwa, akuluakulu amanena kuti mlandu watha. Ngakhale “finance”, nkhani za chuma, linayambira pomwepo, pa kulipira ngongole kuti nkhani ithe.

Tsopano tibwere m'kalasi mwanu. Tanthauzo loyamba ndi limene mumaphunzitsalo, kugwira ntchito mpaka osasiyapo kanthu, monga “I finished my homework”. Apa pali msampha umodzi umene umakola ana ambiri, ndi akulu omwe. Ife timati ndamaliza kulemba, ndipo popeza mwana anaphunzira kuti “ku” wa kulemba ndi “to”, amalemba kuti “I finished to write”. Chingerezi sichilola zimenezo. Mneni wotsatira “finish” amathera ndi “ing” nthawi zonse, choncho cholondola ndi “I finished writing”. Mwanayo sitingamunene kuti ndi wosamva, chifukwa “start” ndi “begin” amalola njira zonse ziwiri, “started to write” ndi “started writing”, ndiye iye amayesa kuti poyambira ndi pomalizira lamulo ndi limodzi. Palibe chifukwa chakuya chimene mungamupatse kupatula chizolowezi cha eni chinenero, ndipo njira yabwino ndi kumuzoloweza khutu ndi ziganizo zambiri zolondola.

Chachiwiri n'chakuti Chingerezi chimagwiritsa mneni mmodzi pamene Chichewa chimagawa pawiri kapena patatu. Ife timati tamaliza msonkhano, kapena tatsiriza msonkhano, koma msonkhanowo ukakhala mwininkhani timati watha. Palibe Mchewa anganene kuti msonkhano wamaliza. Mngerezi amati “we finished the meeting” komanso “the meeting finished at four”, liwu lomwelo likhala mneni woyambukira apa, wosayambukira apo. Taonani liwu loti sukulu mmene limasinthira Chichewa chake. “School finishes at two” ndi kunena kuti ana amaweruka 2 koloko. “The term finishes in July” ndi kunena kuti sukulu zimatsekera mu Julayi. “She finished school last year” ndi kunena kuti anamaliza maphunziro ake chaka chatha. Kuweruka, kutsekera ndi kumaliza ndi zinthu zitatu zosiyana kwa ife, koma Mngerezi wazisenzetsa liwu limodzi, ndipo womasulira amene angoti kumaliza ponseponse alemba Chichewa chosamveka.

Pa kusiyana kwake ndi mawu ena, yambani ndi “stop”, chifukwa ndiye wosavuta. Mlimi amene “stopped weeding” wangosiya kupalira, mwina mvula yamupezeketsa kapena watopa, ndipo udzu ukadalipo. Amene “finished weeding” wapalira mzere uliwonse mpaka kumalire a munda. “End” amanena za pothera, osalonjeza kuti cholinga chakwaniritsidwa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse “ended” mu 1945, msewu “ends” pagombe la nyanja, chibwenzi “ends”, moyo “ends”. Wapampando amene “ended the meeting” angathe kukhala kuti anaudula pakati chifukwa cha phokoso, pamene anthu amene “finished the meeting” anakambirana mfundo zonse. N'chifukwa chake mwana sanganene kuti “I ended my homework”, pakuti mphunzitsi safuna kuti ntchitoyo ingothera penapake, amafuna kuti igwiridwe yonse. Zoona, pali malo ambiri amene awiriwa amalowana, monga ponena za nthawi imene filimu kapena msonkhano umathera, ndipo pamenepo simuyenera kuchotsera mwana malikisi posankha limodzi kusiya linzake.

“Complete” ndi wa banja lina. Anachokera ku mneni wa Chilatini “complere”, kudzaza, choncho iye sayang'ana malire koma amayang'ana zigawo: kodi chilichonse chimene chinayenera kukhalapo chilipo? Fomu ya kubanki amati “complete the form” chifukwa mpata uliwonse uyenera kudzazidwa, ndipo satifiketi imanena kuti munthu “completed” maphunziro chifukwa palibe phunziro limene linatsala. Ndi liwu la mu ofesi, la m'malipoti ndi m'makalata, pamene “finish” ndi la pakhomo ndi pamsewu pomwe. Chokuthandizani kukumbukira n'chakuti “complete” sadya ndipo sawononga. Palibe amene angauze mwana kuti “complete your porridge”, ndipo munthu amene zinthu zamugwera sanganene kuti “I am completed”.

Kumasewero ndiko kumene kusiyana konseku kumaonekera poyera. Ku South Africa kuli mpikisano wothamanga wotchedwa Comrades Marathon, umene unayamba mu 1921, wa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg. Othamanga amapatsidwa maola 12, ndipo nthawiyo ikakwana mfuti imalira, mzere wothera mpikisano umatsekedwa. Munthu amene watsala ndi mapazi ochepa chabe kuti afike sawerengedwa kuti ndi “finisher”, ngakhale wathamanga tsiku lonse. Kwa iye mpikisano “ended”, koma iyeyo “did not finish”, ndipo mawu atatu amenewa, ofupikitsidwa kuti DNF, ndi amene amalembedwa pazotsatira za mipikisano yambiri pa dzina la aliyense amene sanafike. Mzere wothera umatchedwa “finish line” kapena “finishing line”, ndipo awiri akafika mapewa ali pamodzi, moti oweruza afunika kuona chithunzi kuti adziwe wapambana, amati “photo finish”. Kuchokera pamenepa panabwera tanthauzo la malo amene munthu wapeza: “she finished second” sikuti anamaliza chinthu chachiwiri ayi, koma anakhala wachiwiri, ndipo timu imene “finished third in the league” inathera pa nambala 3 pamndandanda wa ligi.

Kumpira, zimene munamva pawailesizo zili ndi nzeru yakeyake. Mpira ukachoka kwa otchinga kumbuyo, kudutsa kwa osewera pakati mpaka kufika kutsogolo, ntchito yonseyo imakhala isanapindule kanthu kufikira wina augwedeze ukonde. Kukhudza komalizako ndiko “finish”, luso lake ndi “finishing”, ndipo katswiri womwetsa zigoli ndi “finisher”. Woulutsa akati timu yagonja chifukwa cha “poor finishing”, akutanthauza kuti inapeza mipata yambiri pagolo koma inangoiphonya. Akati “clinical finish”, ndiye kuti wosewerayo wamenya modekha ndi molunjika, wosapatsa goloboyi mwayi uliwonse.

Chitini chanu cha penti chikutifikitsa pa tanthauzo limene ndimaliona kuti ndi lokoma kuposa onse, chifukwa apa liwu la mapeto lasanduka liwu la ubwino. Kalipentala akakhoma tebulo, tebuloyo yaima kale ndipo mungadyerepo, koma mmisiri weniweni sanathane nayo: aipala, aikwecha ndi sandipepa, kenako aipaka vanishi. Ntchito yotsirizayo ndi “finishing”, ndipo maonekedwe ndi kusalala kumene yasiya pamwamba pa thabwalo ndi “finish”. Choncho pachitini liwuli ndi dzina, osati mneni, ndipo likukuuzani mmene khoma lidzaonekere penti ikauma. “Gloss finish” ndi yonyezimira, yosavuta kupukuta, imene anthu amakonda kupaka pazitseko ndi pamafelemu a mawindo. “Matt finish” ndi yosanyezimira, imene imabisa bwino mabampu a pulasitala. “Satin” ili pakati pa ziwirizi. Omanga nyumba kwathu kuno analitenga kale liwuli n'kulisandutsa lawo. Munthu akati nyumba yanga yatsala finishing'i, aliyense amamva kuti makoma aima ndipo malata akhomedwa, koma pulasitala, simenti ya pansi kapena matailosi, siling'i, magalasi ndi penti zikudikira. Amene anamangapo nyumba amadziwa kuti gawo limeneli ndilo limadya ndalama mosayembekezereka, ndiponso kuti ndi pamene mmisiri waluso amasiyanirana ndi wongophunzira. Mawu oti “finishing touches” amanena tinthu ting'onoting'ono totsiriza timene timakometsa ntchito, kaya ndi diresi la mkwatibwi, kaya ndi lipoti la kuntchito, ndipo “finished goods” ndi katundu amene watuluka m'fakitale wokonzeka kugulitsidwa, mosiyana ndi zipangizo zimene sizinakonzedwe.

Thumba la chakudya cha nkhuku lili m'njira yomweyi. Monga mukudziwira bwino kuposa ine, anapiye amayamba ndi sitata, kenako gulowa, ndipo masabata otsiriza asanagulitsidwe, pamene akuyandikira masabata 6, amadya finisha. Chakudya chotsirizachi chimakhala ndi zomanga thupi zocheperako poyerekeza ndi sitata, koma zopatsa mphamvu zochulukirako, chifukwa cholinga chake n'chakuti nkhuku ilemere ndi kufika pa msinkhu wa pamsika. M'Chingerezi cha alimi, “to finish” ng'ombe, nkhumba kapena nkhuku ndi kuinenepetsa m'masiku ake omaliza mpaka ikwanire kugulitsidwa. Sikuipha ayi, ngakhale kuti mpeni uli pafupi. Mlimi akuchita ndi chiweto chake chimene kalipentala amachita ndi tebulo.

Pali matanthauzo ena awiri amene ndingowatchula mwachidule. Akatswiri olawa tiyi, khofi ndi vinyo, monga amene amayesa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje asanapite kumsika, amatcha “finish” kakomedwe kamene kamatsalira m'kamwa munthu atameza. Ndipo “finishing school” zinali sukulu, zotchuka kwambiri ku Switzerland, kumene mabanja olemera a ku Ulaya ankatumiza ana awo aakazi kuti akaphunzire makhalidwe a pagulu, kalankhulidwe ndi kalandiridwe ka alendo atamaliza maphunziro ena onse.

Musaganize kuti kuphatikiza mapeto ndi luso ndi nzeru ya Angerezi okha. Mneni wathu woti kutha amachita zomwezo, mwinanso kuposa. Timati chimanga chatha, komanso timati mayi aja amatha kusoka, mwana uyu amatha Chingerezi, sindingathe kubwera mawa. Wakutha ntchito ndi amene amaifikitsa kumapeto, ndiye kutha kwasanduka luso ndi mphamvu. Timatinso mtsikana watha msinkhu, osatanthauza kuti msinkhu wake wawonongeka, koma kuti wafika pamene ubwana umathera. Ndimaona kuti ana akaonetsedwa kuti chinenero chawo chomwe chili ndi liwu limodzi losenza katundu wambiri chotere, mantha awo pa Chingerezi amachepa, chifukwa amazindikira kuti zimenezi akhala akuzichita kuyambira ali kumsana kwa amayi awo.

Koma malire ali ndi mbali yake yamdima, ndipo apa mpofunika kusamala. Chinthu chikafika pamene sichingapitirirenso, nthawi zina ndiye kuti chawonongeka. “He is finished” angatanthauze kuti munthuyo wamaliza zimene amachita, koma kawirikawiri, makamaka ponena za wandale, wamalonda kapena wosewera, amatanthauza kuti zake zada, sadzadzukanso. “The scandal finished him” ndi kunena kuti mbiri yoipayo inamugwetseratu. Chichewa chikugwirizana nazo ndendende, pakuti nafenso timati watha ameneyu, kapena munthu akagwidwa ndi tsoka amalira kuti ndatha ine, ndipo matenda akavuta m'mudzi timati atimaliza. Choncho “I have finished” ndi chiganizo chopanda chiopsezo chilichonse, pamene “I am finished” chili ndi nkhope ziwiri: patebulo la chakudya chimangotanthauza kuti ndamaliza kudya, ndipo eni chinenero amachinena tsiku ndi tsiku, koma pakamwa pa munthu amene katundu wake wapsa mumsika chimatanthauza kuti wathedwa. Ana aphunzitseni “I have finished” kuti ndicho azilemba. Muwachenjezenso kuti ngakhale ife timati wodwala watsirizika, mwaulemu ndithu, m'Chingerezi “he is finished” si mawu aulemu onenera imfa. Oyenera ndi “he has died” kapena “he has passed away”.

Timawu ting'onoting'ono totsatira mneniyu timasinthanso nkhani. “Have you finished with the hoe?” ndi kufunsa ngati mwathana nalo khasu kuti wina abwereke. “She has finished with him”, makamaka ku Britain, ndi kunena kuti wathetsa chibwenzi. “I have not finished with you” ndi mawu oopseza, ofanana ndi athu aja oti sindinathane nawe. “Finish off” ndi kumalizitsa chotsala, kaya ndi ndiwo za mumphika, kaya ndi nyama yovulala imene mlenje akuitsiriza. “Finish up” angakhale kudya zonse osasiyako, koma “we finished up in Salima” ndi kunena kuti titayendayenda tinakathera ku Salima, mwina kumene sitinalingalire n'komwe.

Tsopano za shuga uja. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnzanuyo anali ndi mfundo, koma anapitirira nayo muyeso. “The sugar is finished” si chiganizo chothyoka, malamulo onse a Chingerezi chawatsata, ndipo Mngerezi wa ku London achimva bwinobwino, iyenso amatha kufunsa kuti “who finished the milk?” akapeza botolo lopanda kanthu. Kusiyana kuli pa chizolowezi. Iye kawirikawiri anganene kuti “we have run out of sugar” kapena “there is no sugar left”, ndipo wogulitsa m'sitolo anganene kuti katundu ndi “sold out” kapena “out of stock”. Ife talikulitsa tanthauzoli mpaka lafika pa mafuta a galimoto, mayunitsi a foni, mankhwala a kuchipatala ndi ndalama za m'thumba, chifukwa kumbuyo kwake kuli kutha kwathu kuja: mafuta atha, mayunitsi atha, ndalama zatha. Si Amalawi okha amene amatero. Kalankhulidwe kameneka mukamva ku Zambia, ku Kenya, ku Ghana ndi ku Nigeria, ndipo Mswahili amene amati “imeisha” amachita chimodzimodzi akalowa m'Chingerezi. Ine sindikaona ngati cholakwa choti munthu achite nacho manyazi, ndi Chingerezi cha kuno, chomveka kwa anthu mamiliyoni ambiri. Komabe mwana amene adzalembe mayeso, kalata yofunsira ntchito kapena lipoti loti liwerengedwe kunja ayenera kukhala ndi “run out of” m'thumba mwake. Muphunzitseni zonse ziwiri, ndi kumuuza malo ake a chilichonse, osamunyoza pa chimene anamva kwa makolo ake.

Liwuli linayenda kutali kuposa apa. Ku Papua New Guinea, m'chinenero cha Tok Pisin chimene mawu ake ambiri anachokera ku Chingerezi, linasanduka “pinis”, ndipo ntchito yake ndi kusonyeza kuti chinthu chachitika kale: “mi kaikai pinis” ndi kunena kuti ndadya kale. M'Chipijini cha ku Nigeria, Chingerezi chosakanikirana ndi zinenero zakumeneko, amati “I don chop finish”, ndamaliza kudya. Abale athu amene ali ku Joni amadziwa mawu oti “finish and klaar”, pamene liwu la Chingerezi laphatikizidwa ndi la Chiafrikaans la tanthauzo lomwelo pofuna kutsindika kuti nkhani yatheratu, palibenso zokambirana.

Kumene ndimadera nkhawa kwambiri ndi pa kumasulira, chifukwa kumeneko kulakwitsa kumapweteka anthu. Tsiku lina ndinkamasulira pamsonkhano wa m'mudzi wokhudza mijigo, ndipo mlendo amene ankalankhula anati “the project is finished here”, kutanthauza kuti mijigo yonse imene analonjeza yakumbidwa ndipo ikutulutsa madzi. Ine ndinangoti ntchito yatha kuno. Nthawi yomweyo nkhope za anthu zinagwa, amayi ena anayamba kung'ung'udza, chifukwa kwa iwo ntchito yatha anamva kuti thandizo ladulidwa ndipo alendowo akusamuka osadzabweranso, monga mmene timanenera munthu akachotsedwa ntchito. Ndinayenera kuimitsa msonkhano ndi kukonza kuti ntchito yamalizidwa, zonse zimene zinalonjezedwa zachitika. Kuyambira tsiku limenelo sindimasulira “finished” ndisanadziwe ngati wolankhulayo akunena za kukwaniritsa kapena za kutheratu. Chitsanzo china chimene mungapatse ana ndi “the wedding finished at five”. Popeza liwu lathu loti ukwati limanena mwambo komanso banja lenilenilo, womasulira ayenera kunena kuti mwambo wa ukwati unatha 5 koloko, chifukwa kungoti ukwati unatha ndi kulengeza kuti banja lapasuka.

Omasulira Baibulo anakumana ndi mfundo yomweyi pa Yohane 19:30, pa mawu a Yesu ali pamtanda. Chigiriki chili ndi liwu limodzi, “tetelestai”, lochokera ku “telos”, limene limanena mapeto komanso cholinga. Mabaibulo ambiri a Chingerezi amati “It is finished”, ndipo Buku Lopatulika limati “Kwatha”. Onani kuti Chingerezi chikuti “it”, osati “I”, ndipo Chichewa chikuti kwatha, osati ndatha. Kusiyana kwa kachidutswa kamodzi kameneko ndiko kumasiyanitsa munthu amene akulengeza kuti ntchito imene anatumidwa yakwaniritsidwa ndi munthu amene akulira kuti wagonja, ndipo n'chifukwa chake alaliki amakhalitsa pa vesi limeneli pa Lachisanu Loyera.

Kwa ana a Sitandade 7 sindingakulangizeni kuwakhuthulira zonsezi tsiku limodzi. Akhazikike kaye pa zitatu: “finish” wotsatiridwa ndi “ing”, kusiyana kwa “finish” ndi “stop”, ndiponso “run out of” pambali pa “is finished”. Samalani katchulidwe, chifukwa “finished” amathera ndi mvekero wa “t”, ngati kuti palembedwa “finisht”, osati finishedi monga ambiri timanenera; ndipo muwauze kuti “Finnish” wa “n” awiri, ngakhale amamveka chimodzimodzi, ndi munthu kapena chinenero cha dziko la Finland, alibe ubale uliwonse ndi kumaliza. Zikakhazikika zimenezi, tsiku lina mudzatenge thumba lanu lopanda kanthu la finisha ndi chitini chija cha penti, mudzaziike patebulo kutsogolo kwa kalasi, mudzalembe pabolodi “School finishes at two”, “She finished second”, “Finish your porridge” ndi “The carpenter gave the table a smooth finish”, kenako ana m'magulu adzapeze Chichewa cha chiganizo chilichonse, mutawaletsa kugwiritsa ntchito liwu loti kumaliza koposa kamodzi.